Mbewu za udzu wa "evergreen" m'masitolo a ku Harare: kubiriwira kulipo, koma werengerani madzi musanagule

Mwezi wa Meyi ukangolowa, kapinga wa m'mayadi ambiri a ku Harare amayamba kufiira. Ndi nthawi yomweyo imene mapaketi a mbewu za udzu amayenda malonda m'masitolo a zaulimi ndi m'manazale a maluwa, aja okhala ndi chithunzi cha bwalo lili biriwiri, olembedwa kuti evergreen (wobiriwira chaka chonse) kapena kuti udzuwo umamera ngakhale pamthunzi. Ogula nthawi zambiri ndi eni nyumba, koma odzala ndi abale athu a ku Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa amene amasamalira mayadi ku Borrowdale, Highlands ndi Mount Pleasant. Udzuwo ukapsa mu Okutobala, mlandu umagwera wodzala uja, pamene vuto linayambira pogula.

Sitikutchula kampani iliyonse chifukwa zomwe zili m'mapaketi amenewa zimafanana kwambiri. Maganizo athu ndi akuti mbewuzi si zachinyengo ayi. Zimamera msanga, udzu wake ndi wokongola, ndipo m'miyezi yozizira palibe kapinga wa kuno amene angafanane nawo. Koma ndi udzu wa nyengo ina, ndipo mtengo wake weniweni suli pa paketi, uli m'thanki ya madzi.

Tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo. Mupeza mayina awiri kapena atatu: tall fescue, perennial ryegrass, ndipo nthawi zina Kentucky bluegrass. Awiri oyambawo kwawo ndi ku Ulaya, kumadzulo kwa Asia ndi kumpoto kwa Africa. Wachitatuyo ali ndi dzina la ku America koma naye anachokera ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo lero wafalikira mpaka kulanda malo a udzu wachilengedwe m'zidikha za kumpoto kwa America. Fescue ali ndi masamba otambalala pang'ono, olimba, ndi mizu yakuya kuposa anzakewo. Ryegrass ali ndi masamba osalala onyezimira kunsi kwake, ndipo ndiye amayamba kutuluka. Bluegrass amachedwa kumera, koma ndi yekhayo mwa atatuwa amene amayala timizu toyenda pansi pa dothi n'kutseka mipata. Fescue ndi ryegrass amamera zitsinde zitsinde, sayanga. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa madandaulo ambiri amachokera pomwepa.

Kuti timvetse khalidwe la udzuwu, tiyenera kuona kaye mmene zomera zimakhalira m'zidikha za udzu za m'mayiko ozizira: prairie ya ku America ndi Canada, steppe ya ku Ukraine, Russia, Kazakhstan ndi Mongolia, pampas ya ku Argentina ndi Uruguay, komanso Highveld ya ku South Africa kuno kufupi. Mvula yake imakhala pakati pa mamilimita 250 ndi 900 pachaka, yochepa kuti nkhalango ikhazikike koma yokwanira kuti pasakhale chipululu. Nyengo yozizira imatsika kufika pansi pa madigiri 0, m'madera ena kutsikiratu kwambiri, pamene chilimwe chimatentha. Moto umadutsa kawirikawiri, ndipo nyama zodya msipu zimapondaponda ndi kubudula. Mtengo umakulira kunsonga, choncho moto, chilala kapena mbuzi zikadula nsongayo umavutika. Udzu umakulira m'munsi, pamene tsinde lakumana ndi dothi, ndiye mungaudule, kuutentha kapena kuudyetsa ng'ombe, umaphukanso. Gawo lalikulu la thupi lake lili pansi: udzu wotchedwa big bluestem wa ku prairie umalowetsa mizu kupitirira mamita 2. Mizu ya udzu ngati imeneyi ikamafa ndi kuola chaka ndi chaka ndiyo inapanga dothi lakuda lachonde la ku Ukraine lotchedwa chernozem, ndipo ndi chifukwa chake malo ambiri otere anagaulidwa n'kukhala minda ya tirigu ndi chimanga. Ku America, prairie ya udzu wautali yatsala yosakwana 4 peresenti, yambiri m'mapiri a Flint Hills ku Kansas, kumene miyala inalepheretsa pulawo.

Chomwe chithunzi cha pa paketi sichikuuzani n'chakuti ngakhale m'zidikha zimenezo udzu sukhala wobiriwira chaka chonse. Udzu wa ku steppe, monga wa mtundu wa Stipa, umakula mwachangu chipale chikangosungunuka, kenako pofika pakati pa chilimwe umakhala utauma pamwamba. Big bluestem amachita zosiyana, amakula kukatentha n'kugona kukazizira. Kuuma kumeneku si imfa. Udzu umatsitsa chakudya chake kumizu n'kudikira nyengo yake, monga amachitira kapinga wathu mu Juni. Opanga mbewu za evergreen anasankha udzu wa gulu lokonda kuzizira, koma wochokera m'madera achinyezi kumene mvula imagwa pafupifupi miyezi yonse. Kumeneko udzuwo supeza chifukwa chogonera.

Akatswiri amagawa udzu m'magulu awiri potengera mmene masamba amagwirira mpweya popanga chakudya. Gulu la C3, mmene muli fescue, ryegrass ndi bluegrass, limakula bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 15 ndi 24. Kukapitirira madigiri 30, limayamba kuwononga chakudya chochuluka poyerekeza ndi chomwe likupanga, mizu imafupika, ndipo limataya madzi ambiri pofuna kudziziziritsa. Gulu la C4, mmene muli kapinga, kikuyu, chimanga, mapira, nsenjere ndi tsekera, limasangalala pakati pa madigiri 27 ndi 35, ndipo limagwiritsa ntchito madzi ochepa popanga chakudya chofanana.

Tsopano ikani udzu wa C3 ku Harare. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo kukwera kumeneku ndiko kumachititsa kuti nkhaniyi itheke n'komwe. Ku Kariba kapena ku Chiredzi, monganso ku Nsanje kwathu, musayerekeze. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti masana a ku Harare amakhala pa madigiri 21 kufika 24, usiku n'kutsika kufika pa 7 kapena kucheperapo, ndipo m'madambo mumagwa chisanu. Imeneyo ndi nyengo imene fescue ndi ryegrass amafuna, koma ndi miyezi yopanda mvula. Mamilimita 800 kufika 850 amene mzindawu umalandira pachaka amagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, pamene kuli kofunda ndi kwachinyezi, nyengo ya matenda a masamba. Pakati pake pali Sepitembala ndi Okutobala, dzuwa lili phwee, mphepo youma, mvula kulibe. Ndiye udzuwu umafuna kukula pamene kumwamba kulibe madzi, ndipo madzi akabwera umakhala utatopa kale.

Masamu a madzi ndi osavuta. Milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. M'miyezi yozizira udzuwu umafuna mamilimita pafupifupi 25 pa sabata, ndipo mu Sepitembala ndi Okutobala umafuna 35 kufika 45. Bwalo laling'ono la mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi lidzamwa malita 2,500 pa sabata mu Juni, ndi malita 4,000 kapena kuposerapo mu Okutobala. Thanki ya malita 5,000, ija ili pafupifupi panyumba iliyonse ya kumpoto kwa mzinda, ingathe m'masiku 8 kapena 9 pa udzu wokha, osawerengera kusamba ndi kuchapa. Okutobala yemweyo ndi mwezi umene mijigo yambiri imatsika madzi ndipo a m'mipopi sabwera tsiku lililonse m'madera ambiri. Kikuyu mukamusiya masabata 6 osathirira amafiira, mvula ikagwa n'kudzukanso. Ryegrass mukamusiya chimodzimodzi pa dzuwa la Okutobala, zitsinde zambiri zimaferatu, ndipo palibe chotsala pansi choti chiyange n'kutseka. Fescue amapirira kuposerapo chifukwa cha mizu yake, koma pokhapokha ngati dothi linakumbidwa mozama.

Pogula, pali zinthu zoti muone zimene wogulitsa sangakuuzeni mukapanda kufunsa. Choyamba ndi kagawidwe ka mitundu. Kwa Harare, paketi yabwino ndi imene fescue ali wambiri, 80 peresenti kapena kupitirira, ryegrass osaposa 20 peresenti. Ryegrass amamera m'masiku 5 kufika 10, fescue 10 kufika 14, bluegrass masabata 2 kufika 4. Ryegrass akachuluka amaphimba anzake asanatuluke, bwalo limaoneka bwino msanga, mwini nyumba amakondwa, koma mwatsala ndi udzu umene uli wofooka kwambiri pa kutentha. Musanyozenso 10 peresenti ya bluegrass poiona yochepa. Njere zake ndi zazing'ono zedi, zoposa 3 miliyoni pa kilogalamu, pamene za fescue ndi ryegrass zili pafupifupi 500,000. Pa kuwerenga njere, gawo laling'onolo ndi lalikulu ndithu.

Chachiwiri ndi tsiku limene mbewu zinayesedwa kameredwe. Mbewu zambiri zamtunduwu zimachokera kunja, ndipo zikakhala pashelefu yotentha pansi pa malata kwa chaka kapena ziwiri, mphamvu yake imatsika. Paketi yopanda tsiku, kapena mbewu zopimidwa kuchokera m'thumba lotsegula, muziyese musanadzale. Werengani njere 100, muziyale pa kansalu konyowa m'mbale, vindikirani ndi pulasitiki, ikani pamthunzi m'nyumba ndipo musalole kuti kansaluko kaume. Pakatha masiku 14, kapena masabata 4 ngati muli bluegrass, werengani zomera. Zikaposa 80 zili bwino. Zikakhala pakati pa 60 ndi 80 onjezerani mlingo wofesa. Zikachepera pamenepo bwezani paketi. Chachitatu, mbewu zina zimakutidwa ndi dothi loyera ndi mankhwala, zimaoneka za mtundu wabuluu kapena wobiriwira. Kukutako kumathandiza kusunga chinyezi ndi kuingitsa nyerere, koma nthawi zina kumatenga gawo lalikulu la kulemera kwa paketi, ndiye poyerekeza mitengo yang'anani masikweya mita amene paketi ikwanitse, osati makilogalamu. Mbewu zosakutidwa zimafesedwa magalamu 30 kufika 40 pa sikweya mita, kutanthauza kuti kilogalamu imodzi imakwana masikweya mita 25 kufika 33 basi. Paketi yolonjeza malo aakulu kuposa pamenepo ikukupatsani bwalo la zigamba.

Nthawi yofesa ndi kumapeto kwa Malichi mpaka Epulo. Mvula yamphamvu imene imakokolola njere imakhala itatha, dothi likadali lofunda ndi lonyowa, ndipo udzu umakhala ndi miyezi 5 yozizira yozika mizu dzuwa la Okutobala lisanafike. Kufesa mu Juni n'kotheka koma kumera kumachedwa. Kufesa mu Sepitembala ndi kutaya ndalama, ndipo kufesa mu Disembala ndi kuitana matenda.

Ntchito yaikulu imayamba mwezi umodzi m'mbuyo, ndipo ndi yochotsa udzu wakale. Kikuyu ndi kapinga ali ndi mizu yoyenda pansi, ndipo kachidutswa kotalika ngati chala kakatsala kamaphuka. M'nyengo yozizira simudzakaona, koma mu Disembala kadzathamanga n'kupitirira fescue, ndipo pakatha zaka ziwiri mudzakhala mukutchetcha kikuyu yemwe uja. Kumbani ndi foloko, osati khasu limene limangoduladula mizu, tolani zonse, thirirani, dikirani masabata 2 kapena 3, kenako zulaninso zomwe zaphuka. Ogwiritsa ntchito mankhwala opha udzu a glyphosate adziwe kuti amagwira pa udzu umene ukukula, choncho apopere mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi, motsatira zolembedwa pa botolo.

Dothi la Harare si limodzi. Kumpoto, monga ku Mount Pleasant ndi Borrowdale, kuli katondo wofiira amene amasunga madzi koma amauma gwa akapondedwa. Kum'mwera ndi kum'mawa, monga ku Hatfield, Epworth ndi Mabvuku, kuli mchenga wochokera ku miyala ya granite, wosasunga madzi ndiponso wowawasa. M'mbali mwa madambo muli makande akuda amene amang'aluka m'chilimwe n'kudikha madzi m'dzinja, ndipo pamenepo udzuwu umaola. Pa katondo fescue amachita bwino. Pa mchenga mufunika kuthirira pafupipafupi ndi kuthira manyowa ambiri. Kulikonse, kumbani masentimita 20 kufika 25, sakanizani manyowa owola bwino okwana ndowa imodzi pa sikweya mita, ndi feteleza wa Compound D magalamu 50 kufika 60. Manyowa a khola osawola amabwera ndi njere za udzu wina, ndipo simudzatha kuzisiyanitsa mpaka zitakula. Pa mchenga wowawasa laimu amafunika, magalamu 100 kufika 200 pa sikweya mita, koma ndi bwino kuyezetsa dothi kaye. Dziwani kuti malabotale a ku Zimbabwe amayeza pH, muyeso wa kuwawasa kwa dothi, pogwiritsa ntchito calcium chloride, ndipo nambala yake imatsika ndi theka kapena kuposerapo pang'ono poyerekeza ndi yoyezera m'madzi imene mabuku akunja amalemba. Wina akaona 5.3 amathamangira laimu wambiri pamene dothilo lili pafupi ndi pofunika.

Salazani ndi leki, pondani pang'ono kuti phazi lisamire, kenako gawani mbewu pawiri. Theka mufese mukuyenda kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, theka linalo modutsa. Kokani leki mopepuka kuti njere zilowe mamilimita 5 kufika 10, osapitirira, chifukwa njere yaing'ono ikakwiririka kwambiri chakudya chake chimatha isanaone dzuwa. Gudubuzani mgolo wa madzi pamwamba kapena pondani ndi thabwa kuti njere zigwirane ndi dothi. Masabata awiri oyamba thirirani pang'onopang'ono kawiri kapena katatu pa tsiku, ndi madzi owaza, osati payipi yotsegula imene imakankhira njere pamalo amodzi. Njere ikayamba kufufuma kenako n'kuuma tsiku limodzi, yafa. Apa ndi pamene ambiri amagwa, makamaka Loweruka ndi Lamlungu wantchito akapita kwawo, ndiye gwirizanani ndi eni nyumba za wothirira masiku amenewo musanafese. Njiwa ndi nyerere nazo zimatola, ndipo udzu wouma woyala mopyapyala pamwamba umathandiza, bola ukhale wopanda njere.

Udzu ukazika, sinthani kathiriridwe: kawiri pa sabata, mozama, m'mamawa. Kuti mudziwe madzi amene sprinkler (chowazira madzi) ikuthira, ikani zitini zitatu kapena zinayi zoongoka m'mbali pamalo osiyanasiyana, tsegulani kwa mphindi 30, yezani ndi lula. Mukatero mudziwa nthawi yofunika kuti mufike pa mamilimita 12 kapena 15, ndipo mudzaonanso mbali zimene madzi safika. Kuwaza pang'ono madzulo aliwonse kumasunga mizu pamwamba, ndipo masamba amagona onyowa.

Kutchetcha ndi kumene manja ozolowera kikuyu amalakwitsa. Kikuyu amametedwa mpala n'kuphukanso. Fescue ayi. Dikirani afike masentimita 8 kufika 10, kwezani makina kuti atsale 6 kapena 7, ndipo musadule kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a tsamba nthawi imodzi. Mu Sepitembala ndi Okutobala kwezaninso pang'ono, masamba atali amaphimba dothi kuti lisatenthe. Mpeni wa makina ukhale wakuthwa, chifukwa masamba a fescue ndi ryegrass ali ndi ulusi wolimba, ndipo mpeni wobuntha umawang'amba n'kusiya nsonga zotuwa zimene ena amaziyesa matenda. Chikwakwa sichigwira ntchito pano. Feteleza wobereketsa ndi ammonium nitrate, magalamu 10 kufika 15 pa sikweya mita, masabata 5 kapena 6 aliwonse kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, pa masamba ouma, kenako kuthirira nthawi yomweyo kuti asawauke. Pimani kamodzi pa sikelo ya kukhitchini, mulembe mzere pa chitini, ndipo chitinicho chikhale muyeso wanu. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale chepetsani kapena siyani kumene. Izi zimadabwitsa ambiri chifukwa ndi nthawi imene chimanga ndi kikuyu zimadyetsedwa, koma nayitirojeni wambiri pa udzu wa C3 m'nyengo yofunda amatulutsa masamba ofewa amene matenda amawakonda.

Matendawo ndi atatu. Mu Disembala ndi Januwale, mvula ikagwa masiku otsatizana usiku n'kukhala wofunda, pamaoneka zigamba zozungulira zofiirira, zina zazikulu ngati lichero. Ndi nkhungu yotchedwa Rhizoctonia, ndipo imakonda fescue wodyetsedwa kwambiri. Ina ndi Pythium, imene imagwetsa udzu wanthete m'malo odikha madzi, masamba amaoneka ngati athiridwa mafuta ndipo m'mamawa pamakhala tiulusi toyera. Imafalikira ndi mawilo a makina ndi nsapato, choncho musatchetche udzu uli wonyowa. Yachitatu ndi dzimbiri pa ryegrass, fumbi lachikasu lomamatira ku nsapato, ndipo iyi imasonyeza njala: feteleza pang'ono ndi kutchetcha kumaithetsa nthawi zambiri popanda mankhwala. Zigamba zina si matenda konse. Yalani chiguduli chonyowa pamalopo usiku, m'mawa muvundukule. Mukapeza mbozi zotuwa pansi pake, ndizo zikudya masamba usiku. Chiswe chodula udzu chimaoneka m'chilimwe, chikukoka timapesi kulowetsa m'timaenje. Mkodzo wa galu umawaula kabwalo kakang'ono kozunguliridwa ndi udzu wobiriwira kwambiri. Chilichonse mwa izi chikapha chitsinde, mpata umakhala pompo mpaka mutafesanso, choncho Epulo aliyense muyenera kukanda mipata ndi leki ndi kuwaza magalamu 15 kufika 20 pa sikweya mita. Ndalama imeneyi ndi ya chaka chilichonse, ndipo pa paketi siilembedwa ndi zilembo zazikulu.

Za mthunzi, lonjezo lake ndi loona mwatheka. Fescue amapirira mthunzi kuposa kikuyu, ndipo mthunzi wa masana umamupulumutsa mu Okutobala. Koma amafunabe dzuwa la maola 4 kapena kuwala kodutsa m'masamba, monga pansi pa msasa. Pansi pa mango kapena mapeyala, pamene pali mdima ndi masamba ogwa, palibe udzu umene ungakhale. Pansi pa jacaranda kuwala kulipo koma mizu ya mtengo imalanda madzi, ndiye onjezerani pa masamu aja.

Pali chenjezo limodzi lofunika kwa aliyense amene amatenga udzu wotchetcha kupita nawo kunyumba kukapatsa akalulu, mbira kapena mbuzi, ndipo tikudziwa kuti ndi ambiri. Mitundu yambiri ya fescue ndi ryegrass ya pabwalo ili ndi nkhungu yokhala m'kati mwa tsinde ndi njere, yosaoneka ndi maso. Opanga mbewu amaisiya dala chifukwa imathandiza udzu kupirira chilala ndi tizilombo, koma imapanga poizoni amene amavulaza ziweto. Nkhani yake inadziwika ndi mtundu wotchedwa Kentucky 31, umene unapezeka pa famu ina ku Kentucky mu 1931 n'kuyamba kugawidwa kwa alimi mu 1943. Unadzalidwa malo aakulu, ng'ombe zinayamba kuonda, kulephera kupirira kutentha ndi kudwala ziboda, ndipo chifukwa chake chinatsimikizika m'zaka za m'ma 1970. Ryegrass wokhala ndi nkhungu yake amachititsa nkhosa kunjenjemera ndi kudzandira. Ngati paketi sikunena kuti mbewuzo zilibe endophyte, lomwe ndi dzina la nkhungu imeneyi, udzu wake upite ku dzenje la manyowa. Wofuna msipu wa nyengo yozizira agule ryegrass wa ziweto, amene ndi mbewu ina yogulitsidwa padera.

Njira imene ife timaiona kuti ndi yanzeru pogwiritsa ntchito mbewuzi ndi imene mabwalo a gofu amachita m'mayiko ambiri ofunda: kufesa ryegrass pamwamba pa kapinga ngati mlendo wa miyezi yozizira. Mu Epulo metani kapinga pafupi ndi dothi, kandani ndi leki kuti dothi lionekere, fesani magalamu 30 kufika 40, thirirani monga tafotokozera. Bwalo likhala lobiriwira mpaka Sepitembala. Kukayamba kutentha tsitsani makina pang'onopang'ono ndi kuchepetsa madzi, ryegrass afe yekha, kapinga adzuke ndi mvula yoyamba. Mwezi wa Okutobala, wofuna madzi kwambiri, mwaulumpha. Pa kapinga zimayenda bwino kuposa pa kikuyu, amene mphasa yake ya mizu yakufa imatchinga njere kufika padothi. Mukachedwa kuchotsa ryegrass, kapinga amadzuka mochedwa ndiponso mofooka.

Kwa ambiri, yankho lidakali udzu wodzala ndi mizu. Kikuyu, wochokera kumapiri a ku Kenya, amasunga mtundu wake nthawi yaitali m'nyengo yozizira akamalandira madzi pang'ono, ndipo amapirira ana osewera mpira. Pamthunzi pali Durban grass, amene ena amati LM, wofewa koma woopa chisanu ndi kupondedwa. Pali buffalo wa masamba otambalala, amene si buffalograss wa ku prairie ya ku America ngakhale mayina akufanana, choncho zomwe muwerenge pa intaneti za kupirira chilala kwa winayo musaziike pa uyu. Wofuna udzu wokongoletsa m'mbali mwa mpanda ayang'ane Themeda triandra, wofiira m'chilimwe, amene amadzaza Highveld ndipo amamera yekha kuno, kapena Eragrostis curvula wa masamba ogwada. Pampas grass wa ngayaye zoyera zija akupezekabe m'mayadi akale, koma njere zake zimauluka kutali ndipo ku South Africa ali pa mndandanda wa zomera zolanda malo, ndiye musamubzale pafupi ndi dambo. Amene akufuna kuona mmene udzu wachilengedwe umagonera ndi kudzuka apite ku Monavale Vlei, dambo limene linalowa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2013, kamodzi mu Ogasiti ndi kenanso mu Januwale. Ku National Botanic Garden ku Alexandra Park kuli malo osungira zitsanzo za zomera kumene udzu wosaudziwa ungazindikiridwe.

Ndiye agule ndani? Wokhala ndi mjigo wosaphwa mu Okutobala, katondo wokumbika, ndi kabwalo kosaposa masikweya mita 50 kamene kamalandira dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wa masana, monga pakhomo lolowera kapena pakati pa nyumba, adzakhutira. Wodalira madzi ogula pa galimoto, kapena wa bwalo lalikulu la pamtetete lokhala ndi agalu ndi ana, asiye. Inu amalume ndi achimwene amene mwapatsidwa paketi kuti mudzale bwalo lonse, pemphani kuti muyambe ndi kachigawo ka mamita 2 mulitali ndi 2 mulifupi, mulembe malita amene kakumwa sabata iliyonse, ndipo eni nyumba aone okha mmene kalili pofika kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Januwale. Kachigawo kotere kamangofuna magalamu 150 a mbewu. Zotsalazo muziike m'botolo louma lotseka bwino, m'chipinda chozizira kutali ndi malata ndi feteleza, ndipo muziyesenso pa kansalu konyowa Malichi wotsatira musanazifese.